BANJA LOTSALA PAMENE MWAMUNA AITANIDWA KU NKHONDO: ZA KU MAPULAZI A KU RUWA



Pa chikumbutso chotere ndi mwambo kuwerenga maina a abusa, mipingo imene inakhazikitsidwa ndi nyumba za mapemphero zimene zinamangidwa, ndipo zonsezo nzoyenera. Koma mbiri ya Sinodi ya Harare ili ndi tsamba lina losapezeka kawirikawiri m'mabuku a misonkhano, ndilo la akazi ndi ana amene anatsala m'makomboni pamene amuna anapita kukagwira mfuti. Nkhani ino ifotokoza za iwowo, potenga dera la Ruwa ngati chitsanzo. Mfundo yake ndi imodzi: kalata yoitanira munthu ku nkhondo ilembedwa dzina limodzi, koma katundu wake asenzedwa ndi nyumba yonse, ndipo pakati pa anthu okhala kutali ndi mudzi wao, mpingo ndiwo uyenera kuima pamalo pa mwini mbumba.

1. RUWA NDI ANTHU AKE

Ruwa ili kum'mawa kwa Harare, pa mtunda wa makilomita oposa 20, m'mbali mwa mseu ndi njanji zopita ku Mutare ndi ku doko la Beira. Wofikako lero aona mafakitale ndi nyumba zambirimbiri za ku Zimre Park ndi ku Damofalls. Koma kufikira chaka cha 1986, pamene boma linasankha malowa kuti pakule tauni, dera lonseli linali la mapulazi a azungu, kuyambira ku Ruwa kufikira ku Melfort, Bromley ndi Goromonzi, pamodzi ndi mgodi wa golide wa Arcturus chakumpoto. Ambiri mwa anthu amene ankalima fodya ndi chimanga ndi kukama ng'ombe m'mapulazi amenewa anali ochokera ku Malawi, ku Tete ndi ku Chipata. Ena anafika pansi podzera ku Tete, ena anakwera magalimoto a Ulere, ena anabwera pa pangano la Mthandizi.

Mpingo unawatsata. Mbusa T.C.B. Vlok anafika ku Salisbury m'chaka cha 1912, ndipo m'chaka cha 1965 mipingo ya kuno inakhala Sinodi payokha m'banja la C.C.A.P. Mwezi wa Novembala chaka chomwecho boma la Ian Smith linalengeza lamulo la nthawi ya zoopsa, kenaka pa 11 Novembala linadzipatsa lokha ufulu. Lamulo limenelo silinachotsedwe kufikira chaka cha 1990. Motero zaka 25 zoyamba za Sinodi zinatha pansi pa lamulo lotere.

Kuti munthu amvetse kulemera kwa katundu wa mkazi wa pa pulazi, ayambe wakumbukira za kumudzi. Pa ukwati wa chikamwini mkazi akhala pa nthaka ya makolo ake. Mwamuna akachoka, kaya kunka ku Joni kaya ku usilikali, mkaziyo atsala ndi munda wake, nkhokwe yake, amai ake ndi alongo ake. Mwini mbumba ndi ankhoswe ali pafupi kuti aweruze mlandu uliwonse. Pa pulazi zinthu zinali zotembenuka. Nyumba ya pa komboni inali ya mwini pulazi, ndipo ankaipereka chifukwa cha dzina la mwamuna lolembedwa m'buku la ntchito. Phoso la ufa, nyemba ndi mchere linkatsata tikiti ya mwamunayo. Mkazi ankalembedwa ganyu pa nyengo ya kupalira, kuthyola ndi kusankha fodya, ndipo nyengoyo ikatha ntchito yake inkathera pomwepo. Analibe munda woti nkuutcha wake, ndipo alongo ake anali ku Dedza, ku Ntcheu kapena ku Mangochi, kuseri kwa malire awiri.

2. KUITANIDWA SIKUNAYAMBE DZULO

Anthu amenewa anali ana ndi adzukulu a mabanja odziwa kale za kuitanidwa. Pa nkhondo ya 1914 mpaka 1918 dziko la Nyasaland linapereka asilikali a K.A.R. ndi amtengatenga pafupifupi 200,000, ambiri a iwo otengedwa mokakamiza. Minda inagona, ndipo njala ndi mliri wa chimfine wa 1918 zinapeza midzi yochepa amuna. Kale m'Novembala 1914 John Chilembwe anali atalemba kalata ku nyuzipepala ya Nyasaland Times, kudandaula kuti amphawi aitanidwa kukafera nkhondo yosakhala yao, nasiya akazi amasiye ndi ana amasiye opanda wowasamala. Kuno ku Rhodesia gulu la Rhodesia Native Regiment, lokhazikitsidwa mu 1916, linalemba amuna ambiri a ku Nyasaland amene anali atabwera kudzafuna ntchito. Pa nkhondo yachiwiri asilikali a K.A.R. anafika ku Abyssinia ndi ku Burma. Koma pa nthawi zonsezo akazi ambiri ankatsala kumudzi, pakati pa abale. Nkhondo ya ufulu wa Zimbabwe ndiyo inapeza akazi ali okha m'dziko la eni.

3. NJIRA ZISANU ZIMENE NKHONDO INALOWERA M'NYUMBA

Nkhondo inakula kuyambira pa 21 Disembala 1972, pamene omenyera ufulu a ZANLA anaombera pulazi ya Altena ku Centenary. Ruwa, pokhala pafupi ndi mzinda, siinaone moto wonga wa ku Centenary, Mount Darwin kapena Mtoko. Komabe nkhondo inalowa m'nyumba zake podzera njira zisanu.

Yoyamba inali kuitanidwa kwa mwini pulazi. Lamulo linkakakamiza amuna achizungu, amwenye ndi makaladi kulowa usilikali. Mu 1976 nthawi ya anyamata inakwezedwa kuchoka pa miyezi 12 kufika pa miyezi 18. Mu 1977 amuna a zaka 38 mpaka 50 anayamba kuitanidwa. Ndipo mu 1979 ngakhale a zaka 50 mpaka 59. Ambiri ankakhala masabata asanu ndi limodzi kutchire, masabata asanu ndi limodzi kunyumba. Mkazi wa mzungu ankatsala ndi ana, mfuti ndi wailesi ya Agric-Alert, mkati mwa mpanda wa waya. Mantha ake anali enieni, ndipo misozi yake siyenera kupeputsidwa. Koma komboni inali kunja kwa mpandawo, yopanda wailesi, ndipo mphamvu zonse za tsiku ndi tsiku zinkagwera m'manja mwa kapitao.

Yachiwiri inali kulowa usilikali chifukwa cha umphawi. Asilikali ambiri okhazikika a boma la Smith ndi apolisi ambiri a B.S.A.P. anali anthu akuda olowa mwa kufuna kwao, makamaka m'gulu la Rhodesian African Rifles. Pambuyo pake panadza gulu la Guard Force, lolondera midzi ya mpanda ndi mapulazi. Kwa mnyamata wokulira pa komboni, wopanda munda ndi wopanda sukulu yokwanira, malipiro a msilikali anali oposa kutali a pa pulazi.

Yachitatu inali ya antchito amene anapatsidwa mfuti kumapeto kwa nkhondo kuti alondere pulazi usiku. Munthu wotere sanachoke pakhomo, koma kukana kunali kutaya ntchito ndi nyumba, ndipo kuvomera kunali kuika chizindikiro pa banja lake lonse.

Yachinai inali lamulo la boma logwirizira limene linadza ndi pangano la pa 3 Malichi 1978. Kuyambira Januwale 1979 anyamata akuda a zaka 18 mpaka 25, ophunzira zaka zitatu za sekondale, anayamba kulandira makalata owaitana, ndipo ambiri sanapite. Ana a m'mapulazi ofika sekondale anali owerengeka. Koma pamene kalatayo inafika, inagwera mwana yekhayo amene banja lonse linadzimana kuti aphunzire.

Yachisanu inalibe kalata. Anyamata ndi atsikana, ngakhale amuna okwatira, ankasowa usiku kunka ku Mozambique kapena ku Zambia kukalowa ZANLA kapena ZIPRA. Otsala sankatha kufunsa poyera kapena kulira poyera, ndipo mbiri za kuphedwa kwa anthu ku Nyadzonia mu Ogasiti 1976 ndi ku Chimoio mu Novembala 1977 ankazimva mtima uli m'mwamba, osadziwa ngati mwana wao anali komweko.

4. ZIMENE ZINAGWERA OTSALA

Choyamba chinali nyumba. Mwamuna akachoka m'buku la ntchito, mkazi ankakhala pa komboni mwa chifundo cha mwini pulazi kapena cha kapitao. Kuti nyumba isalandidwe, mwana wamkulu ankasiya sukulu nalowa m'munda wa fodya m'malo mwa atate ake. Kubwerera kumudzi kunali kovuta koposa, pakuti malire a Zambia anatsekedwa mu Januwale 1973, ndipo pa 3 Malichi 1976 boma la Mozambique linatseka malire ake. Motero mseu wa ku Nyamapanda, Tete ndi Mwanza, umene makolo anadzera, unatsekeka. Mabanja ambiri ochotsedwa m'mapulazi osiyidwa anathawira kufupi ndi mzinda, ndipo malo ngati Epworth, oyandikana ndi Ruwa, anadzala anthu m'zaka zimenezo.

Chachiwiri chinali ndalama ndi mapepala. Ofesi ya boma iweruza ndi zolembedwa. Maukwati ambiri a m'makomboni anali ongolowana, opanda ankhoswe enieni ndi opanda kalata, ndipo ana ambiri analibe kalata ya kubadwa. Mwamuna akafa kapena akalumala, mkazi amene anakhala naye zaka khumi ankatha kuuzidwa kuti dzina lake silipezeka paliponse. Kalata ya ukwati wa mu mpingo ndi kalata ya ubatizo, zimene ena ankaziyesa zopanda ntchito, zinkasanduka umboni wamtengo wapatali.

Chachitatu chinali mantha otseka pakamwa. Mkazi wa msilikali wa boma ankaopa kutchedwa mutengesi, ndiko kuti wogulitsa anzake, ndipo dzina limenelo linkapha. Amai a mnyamata wolowa kutchire ankaopa apolisi. Akazi awiriwa ankatunga madzi pa chitsime chimodzi, nakhala pa mphasa imodzi m'nyumba ya mapemphero, koma sankatha kuuzana chimene chinali kuwadya. Lamulo loletsa kuyenda usiku, ndi ulamuliro wa asilikali umene unayamba mu Seputembala 1978 nufalikira pafupifupi dziko lonse, zinachepetsa maulendo a abusa ndi alaliki, amene kale lomwe anali ochepa, ndipo mmodzi ankayang'anira mapulazi ambiri.

Chachinai chinali mayesero. Mkazi wotsala ndi ana anjala ankadalira munthu wogawa phoso, wolemba ganyu ndi wogawa nyumba. Buku la 2 Samueli 11 linena mosabisa zimene Davide anachitira Bateseba pamene Uriya anali ku nkhondo, ndipo mneneri Natani anapita kukadzudzula mwini mphamvu. Bwalo la mpingo loweruza mlandu wotere liyenera kukumbukira kumene Natani analoza chala. Mwamunanso, pokhala miyezi yambiri ku kampu, ankapeza mowa ndi akazi ena, ndipo ena anabwera ndi nthenda, ena sanabwere konse, nasanduka machona kachiwiri.

Chachisanu chinali maliro opanda mtembo. Anthu osachepera 20,000 anafa pa nkhondoyo, ndipo ambiri anaikidwa kosadziwika. Pa chikhalidwe cha Achewa, Ayao ndi Angoni maliro ali ndi mathero ake: kuika, kumeta, ndi kumasula wamasiye. Mkazi wosaona manda sadziwa ngati ali pa banja kapena ndi wamasiye. Sangalire, sangakwatiwe, ndipo ana sadziwa choyankha akafunsidwa za atate ao.

5. TSIKU LA KUBWERA

Pangano la ku Lancaster House linasainidwa pa 21 Disembala 1979, ndipo ufulu unadza pa 18 Epulo 1980. Kuyambira 1981 asilikali otulutsidwa ankalandira madola 185 pa mwezi kwa zaka ziwiri. Ku Ruwa komweko boma linakhala ndi malo osamalirako olumala, kumene ena opunduka ku nkhondo anasungidwa. Motero anthu a dera limeneli anaona ndi maso ao kuti nkhondo simanga mudzi, monga akale ananena.

Koma panali zilonda zina zosaoneka. Mwamuna wobwera ankadzidzimuka usiku, ankakwiya msanga, ankakhala duu osalankhula, kapena ankathawira ku mowa. Anapeza mkazi amene anaphunzira kusunga ndalama, kulanga ana ndi kulankhula ndi kapitao yekha, ndiponso ana amene anakula osamdziwa. Iye ankafuna kuti zonse zibwerere monga anazisiya. Mkazi ankafuna kuti mavuto ake adziwike. Maukwati ena amene anapirira zaka zonse za kulekana anatha m'chaka choyamba cha kukhalira pamodzi. Madokotala lero adziwa kuti kudzidzimuka kotere ndi nthenda yobwera ndi zoopsa zimene munthu anaona, ndi kuti ili ndi thandizo.

6. NKHANIYI SIINATHE NDI 1980

Kuyambira 1982 kufikira 1993 asilikali a Zimbabwe anali ku Mozambique kulondera njanji ya ku Beira, njanji yomweyo imene idutsa pa Ruwa. Ndipo kuyambira 1987 asilikali a Malawi analondera ya ku Nacala. Kuyambira Ogasiti 1998 kufikira 2002 asilikali a Zimbabwe oposa 10,000 anatumizidwa ku Congo. Asilikali a Malawi asanu ndi mmodzi anafa kufupi ndi Beni mu Novembala 2018, ndipo ena atatu anafa kum'mawa kwa Congo mu Januwale 2025. Mapulazi ambiri anagawidwa kuyambira chaka cha 2000, ndipo adzukulu a anthu a m'makomboni akhala tsopano ku Ruwa, ku Mabvuku, ku Tafara ndi ku Epworth, ambiri m'nyumba za lendi. Mwini nyumba walowa m'malo mwa mwini pulazi, ndipo foni yalowa m'malo mwa kalata. Koma mkazi wotsala akali kutali ndi alongo ake. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

7. ZIMENE MALEMBA APHUNZITSA

Chilamulo cha Mose chinaganizira nyumba ya msilikali. Pa Deuteronomo 24:5 mwamuna wongokwatira kumene amasulidwa ku nkhondo chaka chathunthu chifukwa cha mkazi wake, ndipo pa Deuteronomo 20:5-7 womanga nyumba yatsopano, wobzala munda wa mphesa ndi wotomera mkazi abwezedwa kwao. Mfumu ili ndi zofuna zake, koma banja lili ndi mangawa amene ngakhale nkhondo siyenera kuwafafaniza.

Nkhani yoyandikira kwambiri ili pa 1 Samueli 30. Davide ndi anthu ake anali atapita ku msonkhano wa nkhondo wa mfumu Akisi, ndipo pobwera anapeza mudzi wao wa Zikilaga utatenthedwa, akazi ndi ana atatengedwa. Polondola adaniwo, amuna 200 analema natsala pa mtsinje wa Besori pamodzi ndi akatundu, ndipo 400 anapitirira. Atapambana, ena anafuna kumana otsalawo zofunkha; koma Davide analamula kuti gawo la wotsala ndi akatundu lilingane ndi gawo la womenya nkhondo, ndipo limeneli linakhala lamulo m'Israeli. Otsala pa Besori anali amuna, komabe chilungamo chake chifika kwa yense wosunga katundu wa wina. Mkazi wosunga nyumba ndi ana ali pa ntchito yomweyo, ndipo gawo lake la ulemu, la thandizo ndi la mapemphero liyenera kulingana ndi la mwamuna wake.

8. ZOYENERA KUCHITA

Mutu umodzi susenza denga. Chifukwa chake mfundo zotsatirazi ziperekedwa kwa nthumwi kuti zikaganiziridwe m'mapresbiterio ndi m'mipingo.

(a) Mkhristu akaitanidwa, mkulu wa mpingo wa dera lake afike pakhomopo asanachoke. Aone ngati ukwati uli ndi kalata, ngati ana ali ndi mapepala ao, ndi ngati dzina la mkazi lalembedwa ku ntchito ya mwamunayo. Banjalo lisankhe lokha nkhoswe za mu mpingo, mwamuna ndi mkazi wake, zodzayankha pa tsiku la vuto.

(b) Bwalo la akulu a mpingo lisunge buku la nyumba zotsala, ndipo atumiki akhale ndi thumba la lendi, fizi ndi ufa, kuti mai asayambe wapempha pamaso pa anthu.

(c) Kuchezera nyumba zotere kuchitike ndi anthu awiri kapena atatu, amai a Chigwirizano ali patsogolo. Mwamuna asapite yekha, angakhale ndi mbusa, kuti mbiri ya mkaziyo ndi ya mpingo isungike.

(d) Mlandu wa chigololo ukabuka pa nyumba yotere, bwalo liyambe lafunsa amene anali ndi mphamvu pa mnzake, ndiponso kangati mpingo unafika pakhomopo mlanduwo usanachitike. Kudula mkazi amene mpingo sunamchezere chaka chathunthu ndiko kumlanga kawiri.

(e) Mpingo usafunse mbali imene mwamuna amenyera usanathandize ana ake. Pamene kutchula dzina pa guwa kungaike banja pa ngozi, pemphero lichitike m'nyumba, ndipo chinsinsi chisungidwe.

(f) Wobwera apatsidwe nthawi. Amuna achikulire amene anaonapo nkhondo akhale naye, ndipo mkazi apatsidwe mpata wofotokoza zake. Pamene pali kudzidzimuka, uchidakwa kapena nkhanza, abusa asazengereze kutumiza munthu ku chipatala, ndipo mkazi womenyedwa asauzidwe kungopirira.

(g) Sinodi ikonze dongosolo la mapemphero a maliro opanda mtembo, ndi malangizo omveka a nthawi ndi njira yomasulira mkazi wa munthu wosowa, mogwirizana ndi malamulo a dziko.

Amai ambiri amene anasenza zinthu zimenezi m'makomboni a ku Ruwa, Bromley ndi Arcturus anagona kale, ndipo otsala ndi okalamba. Mipingo ichite changu kuwachezera ndi kulemba zimene iwo afuna kuti zilembedwe, kuti buku la chikumbutso chotsatira lidzakhale ndi tsamba lao. Ambuye adalitse Sinodi pa ntchito imeneyi.